Kuchotsa mapoyinti m'galimoto yakale: phindu ndi misampha kwa amalonda a ku Khuyu

Kwa wochita malonda ku Khuyu pachilumba cha Likoma, tsiku lofunika kuposa onse pasabata ndi tsiku la sitima. Ilala ikangofika pa Mbamba, aliyense amene anaoda katundu ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu amathamangira kudoko. Pamatsika matumba a chimanga ndi ufa, mabelo a shuga, makireti a zakumwa, simenti, malata, madengu a tomato ndi kabichi. Enanso amakhala akuthamangitsa matumba a usipa wouma kuti akwere sitima yomweyo.

Galimoto pachilumbachi n'zowerengeka. Imodzi imene anthu amadalira ikakana kulira tsiku limeneli, katundu amachezera padoko kapena amasenzedwa pamutu ndi aganyu pamtengo wokwera. Tomato amaphwanyika, simenti imakumana ndi mvula, ndipo usipa wotsalira sitima umadikira ulendo wina pamene mwini wake anali atalonjezana kale ndi ogula kumtunda.

Ngati galimotoyo ndi yakale ya petulo, kawirikawiri choiimitsa si injini yonse ayi. Ndi tizitsulo tiwiri tochepa kuposa chikhadabo, timene amakaniko amatitcha mapoyinti. Masiku ano pali njira yochotsa tizitsuloti n'kuikapo kachipangizo ka electronic. Funso la mwini galimoto aliyense n'lakuti, kodi ndalama zake zibwerera?

Ntchito ya mapoyinti

Injini ya petulo imafuna moto wa papulagi kuti mafuta ayake. Batire limapereka ma volt 12 okha, amene sangalumphe kampata ka pulagi. Koyilo ndi imene imakweza mphamvuyi kufika ma volt 20,000 kapena kuposa, koma imatero pokhapokha magetsi olowa mwa iyo akadulidwa mwadzidzidzi. Odula magetsiwo ndi mapoyinti, amene amakhala m'kati mwa disitibyuta. Shafiti ikamazungulira imawakankha kuti atseguke ndi kutsekeka, ndipo rota imagawa motowo ku pulagi iliyonse panthawi yake. Pambali pawo pamakhala kondensa yowateteza kuti asapse msanga.

Njirayi anaikonza ndi Charles Kettering wa ku America, ndipo inayamba kuikidwa m'galimoto za Cadillac mu 1910. Inatumikira zaka zoposa 60, koma ili ndi chilema chimodzi: imatha pogwira ntchito. Injini ya masilinda 4 ikamazungulira ka 3,000 pamphindi, mapoyinti amatseguka ka 6,000 pamphindi, kutanthauza ka 100 pasekondi iliyonse. Nkhope zawo zimapsa, kapulasitiki kokhudza shafiti kamadyeka, mpata umachepa, ndipo moto umayamba kufika mochedwa. Zikatero galimoto imavuta kulira m'mawa, imafooka pachitunda, imamwa petulo wambiri.

Pa Likoma pali adani ena awiri. Woyamba ndi chinyontho cha kunyanja, makamaka nyengo ya mvula, chimene chimadetsa nkhope za mapoyinti. Wachiwiri ndi kukhalitsa. Chilumbachi ndi cha makilomita 18 okha m'bwalo lake, ndipo galimoto ikhoza kuima masiku angapo kudikira ntchito. Mapoyinti a galimoto yongoima amachita dzimbiri mwakachetechete, vuto n'kudzaonekera m'mawa wa tsiku la sitima.

Si galimoto iliyonse imene ikukhudzidwa

Asanawononge ndalama, mwini galimoto adziwe kaye chimene ali nacho. Malole ambiri onyamula katundu m'Malawi muno, monga Canter ndi Dyna zambiri, ndi a dizilo. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto, ilibe koyilo, ilibe mapoyinti. Galimoto za petulo zatsopano nazonso zinachoka kufakitale zili kale ndi electronic. Kampani ya Chrysler inaika njirayi m'galimoto zake zonse za ku America mu 1973, General Motors inatsatira cha mu 1975, ndipo makampani a ku Japan anasintha pang'onopang'ono pambuyo pake.

Zokhudzidwa ndi mapikapu ndi timalole takale ta petulo tokhala ndi kabureta. Zitsanzo zodziwika ndi Datsun 1200 ndi Nissan 1400, imene inapitiriza kupangidwa ku South Africa mpaka 2008, Land Rover Series III ya petulo imene inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, Peugeot 404 ndi 504, komanso Toyota Hilux ndi Stout zakale. Ngakhale pa zimenezi, zina zinasinthidwa kale ndi eni ake oyamba. Njira yodziwira n'kutsegula chivindikiro cha disitibyuta. Ngati muli tizitsulo totseguka ndi kutsekeka komanso kondensa yooneka ngati kachitini kakang'ono, ndiye kuti ndi ya mapoyinti.

Chimene electronic imachita ndi chimene siichita

M'malo mwa tizitsulo tokhudzana, seti ya electronic imakhala ndi kamkombero ka maginito kovekedwa pashafiti ndi kachipangizo komva maginitowo akamadutsa. Seti zina zimagwiritsa ntchito kuwala m'malo mwa maginito. Palibe chokhudzana, choncho palibe chodyeka. Tayimingi ikatcheredwa bwino imakhala pomwepo, osasuntha mwezi ndi mwezi monga zimachitikira ndi mapoyinti.

Anthu a kunyanja njira imeneyi si yachilendo kwa iwo. Mainjini a maboti a masiku ano ndi njinga zamoto za kabaza amayendera kabokosi ka CDI, kamene ndi m'bale wake wa electronic yomweyi. Msodzi aliyense amadziwa ubwino wake: injini imalira msanga, sifuna kutchera mpata. Amadziwanso kuipa kwake: tsiku limene kabokosiko kafa, kafa basi, sikakonzedwa ndi sandipepa.

Apa ndiye pagona nkhani. Mapoyinti amadwala kawirikawiri koma amachenjeza, ndipo amachira pansi pa mtengo ndi sikuludiraiva. Electronic sidwaladwala, koma ikafa sichenjeza. Ku Lilongwe kapena ku Blantyre munthu akhoza kupeza ina tsiku lomwelo. Ku Khuyu ayenera kuimba foni kumtunda, kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kenako kudikira sitima kapena boti. Walira mvula walira matope.

Wogulitsa akanena kuti setiyo iwonjezera mphamvu ya injini kapena idula petulo ndi theka, wogula asamale. Chimene imachita n'kusunga injini pamlingo umene mapoyinti atsopano otcheredwa bwino akanaifikitsa. Petulo amapulumuka ndithu, koma pang'ono, chifukwa moto sukuchedwanso. Sichiritsa kabureta yakuda, maringi akutha, mavavu opsa kapena batire lofooka.

Njira zitatu ndi kugula kwake

Njira yoyamba ndi kugula seti yoika m'disitibyuta yomwe ilipo. Maina odziwika kunja ndi monga PerTronix ya ku America ndi Lumenition ya ku Britain, ndipo palinso zotsika mtengo zambiri zochokera ku China. Yachiwiri ndi kugula disitibyuta yathunthu ya electronic, yatsopano kapena yochotsa m'galimoto ina ya injini yofanana. Njirayi ndi yabwino ngati disitibyuta yakale yatha kale. Yachitatu ndi kukhalabe ndi mapoyinti koma kumawasamalira pa nthawi yake, ndipo si njira yochititsa manyazi.

Pogula seti, dzina la galimoto lokha silokwanira. Chofunika ndi dzina ndi nambala zolembedwa pathupi la disitibyuta. Land Rover zambiri zakale zili ndi Lucas, Datsun ndi Nissan zambiri zili ndi Hitachi, pamene Toyota zimakhala ndi Denso. Galimoto ya zaka 40 mwina inasinthidwa injini kawiri, ndiye cholembedwa pakhadi sichingadaliridwe. Ndi bwino kujambula disitibyutayo pafoni, kunja ndi m'kati, nambala ikuoneka, n'kutumiza pa WhatsApp kwa wogulitsa asanalandire tambala iliyonse.

Mitengo ya masipeya imatsata dola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kumachititsa kuti mtengo wa lero usakhale wa mwezi wamawa. Wanzeru amafunsa malo atatu asanagule: m'mashopu a masipeya ku Mzuzu, ku Malangalanga mu Lilongwe, ndi ku Limbe kapena ku Ndirande. Amene ali ndi m'bale ku Johannesburg afunsenso kumeneko, makamaka za Nissan 1400, poti galimotoyi kwawo n'komweko. Pamtengo uliwonse awonjezerepo ndalama yotumizira mpaka pa Mbamba.

Bokosi lonyezimira lisanyenge munthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Seti yabwino imabwera ndi pepala la malangizo lonena mtundu wa koyilo yofunika ndi kalumikizidwe ka mawaya. Yopanda pepala, yopanda nambala, yopanda lisiti, ndi njuga. Wogula afunse ngati wogulitsa angaisinthe ikapezeka kuti sikulowa, ndipo mgwirizanowo ulembedwe palisiti.

Zoyamba kuona makaniko asanamasule kanthu

Electronic yoikidwa m'disitibyuta yakutha ndi ndalama zotayika. Makaniko agwedeze shafiti cham'mbali. Ngati ikusewera kwambiri, mabushi atha, ndipo ndi bwino kugula disitibyuta yathunthu. Apotoze rota pang'ono ndi dzanja n'kuisiya. Iyenera kubwerera yokha, kusonyeza kuti tizitsulo ndi masipuling'i a pansi, amene amafulumizitsa moto injini ikathamanga, sanagwidwe ndi dzimbiri. Aonenso kapaipi kochokera ku kabureta ngati sikanang'ambike, chivindikiro ngati chilibe mng'alu, ndi mawaya a mapulagi ngati sanaume.

Kenako ayeze magetsi. Injini ikulira, batire lizionetsa pakati pa ma volt 13.5 ndi 14.5. Kupitirira apo kwambiri, alutaneta ikhoza kuwotcha kachipangizo katsopanoko. Ayezenso koyilo ndi mita. Seti zambiri za injini ya masilinda 4 zimafuna koyilo ya ma ohm pafupifupi 3. Koyilo ya ma ohm ochepa kwambiri imakoka magetsi ochuluka n'kupsereza setiyo. Galimoto zina zili ndi ballast resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi opita ku koyilo, ndipo pepala la malangizo limanena pamene waya ayenera kulumikizidwa zikakhala choncho.

Pomaliza aone mbali ya batire imene yamangidwa kuthupi la galimoto. Pafupifupi galimoto zonse ndi mbali ya minus, koma zina za ku Britain zakale kwambiri, za m'zaka za m'ma 1960 kupita m'mbuyo, zinali ndi plus kuthupi. Zoterezi zimafuna seti yakeyake.

Kaikidwe kake

Ntchitoyi kwa makaniko wodziwa ndi ya ola limodzi kapena awiri, koma isachitike dzulo la tsiku la sitima. Ichitike sitima itangochoka, kuti pakhale masiku oyesera ndi kukonza zolakwika.

Choyamba amachotsa waya wa minus pabatire. Amazungulitsa injini mpaka chizindikiro cha papule chifike pamalo pake rota italoza waya wa pulagi yoyamba, n'kujambula chithunzi cha mmene zonse zilili. Amaika kadontho ka penti pamene thupi la disitibyuta lakumana ndi injini, kuti malo a tayimingi ya mapoyinti asaiwalike. Akatero amachotsa chivindikiro, rota, mapoyinti ndi kondensa.

Kachipangizo katsopano kamamangidwa pamene panali mapoyinti, kamkombero ka maginito n'kuvekedwa pashafiti mpaka kakhale pansi bwinobwino. Ngati pepala latchula mpata pakati pa ziwirizi, mpatawo utsatidwe. Kawaya kakang'ono ka m'kati kolumikiza mbale ya disitibyuta kuthupi lake kasachotsedwe. Mawaya atsopano asiyidwe omasuka pang'ono kuti mbaleyo izitha kusuntha, koma asakhudze shafiti.

Pa seti zambiri waya wofiira amapita ku plus ya koyilo, wakuda ku minus. Kuwasemphanitsa kamodzi kokha, ngakhale kwa kamphindi, kukhoza kupha setiyo isanagwire ntchito n'komwe. Apa safunsa anadya phula: makaniko awerenge pepala, ndipo aonenso kachiwiri asanabwezere waya wa batire.

Injini ikalira, tayimingi iyenera kutcheredwanso, chifukwa kachipangizoka sikadula magetsi pamalo enieni pamene mapoyinti ankadulira. Chida choyenera ndi tochi ya tayimingi, osati khutu lokha. Moto ukafulumira kwambiri, injini imachita phokoso ngati misomali m'chitini pokwera chitunda, ndipo zimenezi zimawononga mapisitoni. Ukachedwa, injini imatentha ndi kufooka. Akapeza malo abwino, makaniko aike kadontho kena ka penti ya mtundu wina. Kuyesa kwenikweni ndi kukweza katundu n'kukwera naye chitunda, osati kungoliza injini pabwalo.

Zizolowezi zimene zimapha electronic

Mapoyinti amapirira nkhanza zambiri zimene electronic singapirire. Dalaivala ndi wothandizira wake ayenera kusiya zizolowezi izi.

Kusiya kiyi ali wotsegula injini isakulira, kaya pomvera wailesi kapena potchaja foni podikira katundu padoko. Pa seti zambiri zotsika mtengo, zimenezi zimatenthetsa koyilo ndi kachipangizo mpaka kupsa.

Kuchotsa waya wa batire injini ikulira, kaya poyesa alutaneta kapena pobwereketsa batire kwa mnzake. Magetsi amalumpha mwadzidzidzi n'kuwotcha setiyo.

Kusemphanitsa mawaya poliza galimoto ndi batire lina, makamaka usiku popanda tochi.

Kuwotcherera chitsulo pathupi la galimoto batire ndi mawaya a seti zili zolumikizidwa.

Kuzula waya wa pulagi n'kuugwira patali injini ikuzungulira pofuna kuona moto. Moto wosowa kolowera umabwerera kukaononga koyilo kapena kachipangizo.

Kuthira madzi pa injini yotentha poitsuka kunyanja. Disitibyuta iphimbidwe ndi pulasitiki nthawi zonse potsuka.

Kuwerengera ngati n'kopindula

Mwini galimoto atenge kope n'kulemba mbali ziwiri. Mbali yoyamba alembe zimene mapoyinti anamudyera chaka chathachi: mapoyinti ndi makondensa amene anagula, ndalama za makaniko, batire ngati linafa chifukwa cholimbana ndi injini yokana kulira, ndi maulendo amene anataya. Maulendo otayika ndiwo amaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndiwo ndalama zambiri. Mbali yachiwiri alembe mtengo wa seti, koyilo ngati ikufunika ina, kutumiza, ndi makaniko.

Kenako agawe mtengo wa mbali yachiwiri ndi phindu limene amapeza tsiku limodzi la sitima. Yankho lake ndi chiwerengero cha masiku a sitima amene setiyo iyenera kupulumutsa kuti idzilipire. Ngati ndi masiku awiri kapena atatu, ndipo chaka chatha anataya oposa amenewo chifukwa cha moto, kusintha n'kwanzeru. Ngati galimoto imalira bwino ndipo pafupi pali makaniko wodziwa mapoyinti, ndalamazo zikhoza kuthandiza kwambiri pa matayala, mabuleki kapena batire.

Wosankha kukhalabe ndi mapoyinti agule abwino awiriawiri pamodzi ndi kondensa, asunge chopimira mpata, ndipo adziwe mpata wa injini yake. Pa Toyota zambiri zakale ndi mamilimita 0.45, pa Datsun ndi Nissan ndi pakati pa 0.45 ndi 0.55, pa Land Rover ya disitibyuta ya Lucas ndi pakati pa 0.35 ndi 0.40. Kadontho ka girizi pashafiti pamene kapulasitiki kamakhudza kamatalikitsa moyo wawo. Galimoto ilizidwe tsiku loti mawa sitima ifika, osadikira m'mawa wake.

Kwa mavenda obwereka galimoto

Amalonda ambiri ku Khuyu alibe galimoto, amangolipira ulendo. Nawonso nkhaniyi ikuwakhudza, poti katundu woonongeka ndi wawo. Boma la Likoma, kuphatikizapo Chizumulu, linali ndi anthu oposa 14,000 pa kalembera wa 2018, ndipo poti nthaka yake ndi ya miyala ndi mchenga, chakudya chambiri chimachokera kumtunda kapena kutsidya ku Mozambique. Aliyense amafuna galimoto tsiku limodzi ndi ola limodzi.

Galimoto imene imafuna kukankhidwa m'mawa uliwonse, imene imaphulitsa ku ekizozi, kapena imene dalaivala wake amatsegula boneti pa ulendo uliwonse, ikuchenjeza. Wamalonda wa katundu wosachedwa kuonongeka agwirizane ndi mwini wake kuti ndalama yonse iperekedwa katundu akafika, ndipo akhale ndi nambala ya dalaivala wina kapena wa njinga yamoto. Mavenda amene amabwereka galimoto imodzi sabata iliyonse akhozanso kukambirana ndi mwini wake zolipiriratu maulendo angapo kuti agule seti, iye n'kumadula pamaulendo akubwerawo. Mgwirizano wotere ulembedwe, pakhale ndi mboni.

Kachitini ka m'galimoto

Ilala inamangidwa ku Scotland mu 1949 ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Anthu a pa Likoma amadziwa bwino kuti makina akale amakhalitsa ngati akusamalidwa, komanso amadziwa kuti sitima ikapita kokonzedwa, sipeya yoitanitsa kumtunda imachedwa kuposa mmene munthu anaganizira.

N'chifukwa chake malangizo aakulu kwa wosintha ndi awa: mapoyinti ndi kondensa zochotsedwazo zisatayidwe ndipo zisagulitsidwe. Ziikidwe m'kachitini kotseka bwino pamodzi ndi timasikuluwu take, kawaya kake, sikuludiraiva yaing'ono ndi chopimira mpata, ndipo kachitiniko kazikhala m'galimoto momwemo, osati kunyumba. Tsiku loika seti, dalaivala aphunzire pamaso pa makaniko kubwezera mapoyinti, kutchera mpata ndi kubweza disitibyuta pa kadontho koyamba ka penti.

Electronic ikadzafa pakati pa Mbamba ndi Khuyu, matumba ali pamwamba, dalaivala wotere adzachedwa theka la ola. Wopanda kachitini adzadikira sitima ya sabata yamawa.